A Nankhoma Asagwade

Ku Chiparamba kunalibe munthu amene sanaonepo dzanja la aphunzitsi a Daka. Ukangowapatsa moni n'kufunsa za m'thupi, ankapinda mkono wa shati n'kukuonetsa kachipsera pamene pamakhala wotchi, kochepa ngati poluma udzudzu. Kenako nkhani inkayamba. Ankafotokoza mmene mitsempha ya mtima wawo inaumira mkati, ngati zoyera zija zimamata m'ketulo ya madzi a pamjigo, ndi mmene madokotala a ku Lusaka analowetsera kawaya padzanjapo mpaka kukafika kumtima. Kumeneko anapala zoumazo ndi kachitsulo kozungulira, n'kusiyamo kasipuling'i kotsegula njira ya magazi. Nkhaniyo inkathera malo amodzi nthawi zonse: mwezi usanathe iwo anali ku Mtenguleni, ataima padzuwa kuonerera mwambo wa Ncwala, opanda ndodo.

Mwana wawo wamkazi, Tamiwe, anaimva nkhaniyi mpaka kutopa nayo. Iye ankakumbukira mbali imene atate ake sankaitchula. Masabata onse aja a Daka anakhala pakhonde, pampando wawo wa mlombwa umene sukulu inawapatsa popuma ntchito, ndipo chilichonse chinkawapeza pomwepo. Phala, madzi osamba, wailesi, alendo, zonse ankabweretsa ndi akazi awo, a Emma, amene aliyense ankawaitana kuti a Nankhoma. Tamiwe ankati ngakhale thumba la chimanga likanasamalidwa choncho, likanadzuka n'kupita ku Ncwala. Koma ankanena zimenezi kwa mwamuna wake yekha, Lovemore, woyendetsa takisi m'tauni ya Chipata, ndipo ankanena mwachidule, chifukwa mayi wa ana atatu wokhala ku Nabvutika, wogulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa Kapata, alibe nthawi yotambasula nkhani.

Matenda a a Nankhoma sanabwere ngati a amuna awo. A Daka anagwa pabwalo atagwira pachifuwa, mudzi wonse n'kuthamangira. A Nankhoma ankangotopa. Popita kumunda ankaima panjira ngati akusirira chimanga cha eni ake. Ankadandaula chilungulira, tsiku lina nsagwada, tsiku lina msana pakati pa mapewa. Anamwa soda, anamwa mankhwala a zilonda za m'mimba, anasiya tsabola, ndipo anthu anati ndi ukalamba. Dzinja linadutsa, lina n'kudutsanso. Amene anatopa nazo ndi Enoch, mlongo wake wa Tamiwe wokhala ku Lusaka. Iye anawatenga n'kukawaunikitsa ku chipatala cha mtima, ndipo kumeneko anapeza kuti mitsempha ya amayi inali itauma kuposa mmene ya atate inalili.

A Daka atamva anati palibe choopsa. Chipatala chomwecho, makina omwewo, njira aidziwa ndi iwo. Anatsala pakhomo kuyang'anira mtedza umene unali kuuma kumunda, ndipo wopita kukadwazika anali Tamiwe, monga mwa masiku onse.

Ku Lusaka zinthu sizinayende monga mwa nkhani ya a Daka. Dokotala anayesa padzanja, koma mtsempha wa a Nankhoma unali waung'ono kwambiri, kawaya kanakana kudutsa. Choncho analowera m'mphechepeche, pamene mwendo wakumanja umakumana ndi thupi. Ntchito ya kumtima inayenda bwino. Pa tsiku lotuluka dokotalayo, mnyamata waulemu wosafika msinkhu wa Enoch, anaima pambali pa bedi n'kulankhula ndi Tamiwe m'Chingerezi chosakaniza ndi Chinyanja cha m'tauni. Anali atamva za a Daka, chifukwa a Nankhoma anali atauza anesi onse kuti amuna awo anachira mwezi usanathe.

"Musawayeze ndi muyeso wa abambo," anatero dokotalayo.

Anafotokoza kuti azimayi ambiri amafika mochedwa, matenda atakhwima, chifukwa ululu wawo kawirikawiri sukhala wa pachifuwa umene anthu amaudziwa. Mitsempha yawo ndi yaing'ono, ndipo akamamwa mankhwala osungunula magazi, pamene panalowera kawaya pamakonda kuchucha magazi mkati kuposa mmene zimachitikira kwa amuna. Mtima wokha udzawatumikira bwino ngati wa amuna awo, anatero, bola masabata oyambirirawa adutse mwamtendere. Asanyamule zolemera, asamapinde mwendowo mwamphamvu, ndipo pakatupa kapena pakayamba kupweteka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Tamiwe anamasulira mawuwo m'chilankhulo cha pakhomo: khasu ayi, mtondo ayi, ndowa ayi, kuchapa ayi, nkhuni ayi. A Nankhoma ankangoti "ndamva" uku atayang'ana khoma. Nthawi yonse imene mnyamata uja ankatchula malo aja, iwo sanatembenuke.

Anapumako kwa Enoch, kenako anakwera basi. Basiyo itaima pa Luangwa, anthu atatsika kukagula nsomba zouma, a Nankhoma anamukoka Tamiwe chitenje n'kumuuza kuti nkhani ya m'mphechepeche ithere m'basi momwemo. Padzanja panali pulasitala, pamene dokotala anayesa n'kulephera, ndipo anthu adzaona pamenepo. Tamiwe anati ena onse asadziwe, koma atate okha ayenera kudziwa.

"Uwauza ndiwe?" anafunsa a Nankhoma.

Palibe mwana wamkazi amene ali ndi pakamwa potchulira atate ake malo amenewo a thupi la amayi ake. A Nankhoma anati adzawauza okha mpata ukapezeka, ndipo pakali pano azigona m'chipinda chakale cha Tamiwe, chifukwa wailesi ya atate siizima msanga.

Atafika ku Chiparamba, Tamiwe anakonza zimene akanatha. Anapempha azakhali ake a Magalita, mlongo wa a Daka wokhala kutsidya kwa dambo, kuti mpongozi wawo azibwera kudzaphika ndi kutunga madzi. Anabisa khasu ndi musi kuseri kwa nkhokwe. Kenako anabwerera ku Nabvutika, kumene anapeza mwana wamng'ono akutsokomola, wamkulu, Pemphero, atang'amba yunifomu, ndipo mnzake wa pamsika atayala kale anyezi pa theka la benchi yake. Ankaimba foni madzulo. Amayi ankati ali bwino. Atate ankalanda foniyo n'kunena kuti odwala akuchira ngati iwo, kungoti akuchedwako pang'ono, ndipo akuwalimbikitsa kuti aziyendayenda. Anawonjezera monyadira kuti alendo sakutha pakhomo: a kumpingo, aphunzitsi anzawo akale, achibale a ku Mtenguleni.

Loweruka m'mawa Tamiwe anakwera njinga yamoto, malalanje ali m'jumbo. Kunali kozizira, mphepo ya mu Juni ikuulutsa fumbi m'minda yokolola. Anatsikira patali pang'ono n'kuyenda, ndipo atafika pamtengo wa mango anaima, chifukwa njinga zinali zitatsamira pamtengopo ngati pali msonkhano wa feteleza.

Pakhonde panali amuna, ena pabenchi, ena pa timipando. Atate ake anali pampando wawo, mkono wa shati atapinda, nkhani itafika pa kachitsulo kozungulira. Kenako amayi ake anatuluka m'nyumba atanyamula kapu imodzi ya thobwa. Anayenda pang'onopang'ono, mwendo wakumanja ukutsalira. Atafika pamaso pa mkulu wina wa imvi anatsika, bondo limodzi kenako linzake, milomo ataikanikiza. Anapereka kapuyo ndi manja awiri, anawomba m'manja, anamutchula mkuluyo ndi mfunda wake, anayankha kuti akupezako bwino, anaonetsa pulasitala ya padzanja. Podzuka anagwira mzati wa khonde n'kudzikoka nawo. Analowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatulukanso ndi kapu ina imodzi, ya mlendo wachiwiri, n'kugwadanso.

Tamiwe anayang'ana amuna amene anali asanalandire thobwa, anayang'ana njinga zija, anaganiza za masiku onse amene atate ankati alendo sakutha. Sanapite pakhonde kukapereka moni. Anazungulira kuseri n'kukawadikira amayi ake m'khitchini.

Atawaona pafupi anaika jumbo pansi. Nkhope yawo inali yotuwa, milomo yambuu, ndipo pamphumi panali thukuta ngakhale kunja kunali mphepo. Anawagwira dzanja n'kulitembenuza. Chikhatho chinali choyera ngati cha munthu wochapa tsiku lonse.

A Nankhoma sanadikire kufunsidwa. Anayamba kudziteteza okha. Khasu sanaligwire, ndipo akudziwa kumene Tamiwe analibisa. Pamjigo sanapondepo. Ngakhale jagi ya thobwa sakunyamula, chifukwa ndi yolemera, n'chifukwa chake akutenga kapu imodzi imodzi monga momwe dokotala anafunira.

"Nanga kugwada?"

"Kugwada ndi ntchito?"

"Amayi, ananena kuti musamapinde mwendowo."

"Iwe unati khasu, mtondo, ndowa. Ndinamva bwino. Anthu achoka kutali kudzandiona ine, ndiye ndiwapatse moni nditaimirira ngati wapolisi wa pamsewu?"

Tamiwe anaona kuti amayi ake anali kunena zoona. Iye yemwe kugwada sanakuike m'gulu la ntchito. Amagwada popatsa apongozi ake madzi, amagwada kutchalitchi, anaphunzitsa mwana wake wamkazi kugwada asanadziwe kulemba dzina. Atate ake atadwala, anthu ankabwera kudzagwada pampando wawo. Amayi ake atadwala, anthu omwewo anabweranso ndi mtima wabwino womwewo, ndipo wogwada anali wodwalayo.

Anafunsa ngati pamalopo pakupweteka. A Nankhoma anati pang'ono. Anafunsa ngati patupa. A Nankhoma anayang'ana kumoto n'kunena kuti bala lililonse limatupa. Tamiwe anati akufuna aone.

"Mwana saona pamenepo."

"Ndine mayi wa ana atatu."

"Kwa ine ndiwe mwana. Tenga kapu iyo ukapatse a Sakala, akudikira."

Tamiwe anaganiza zongowagwira n'kumasula chitenjecho. Mphamvu anali nazo, ndipo mtima wake unali utafupika kale. Koma ankawadziwa amayi ake. Akanatero, sakanadzamuyang'ananso m'maso, ndipo tsiku lina akanadzabisa chachikulu kuposa ichi. Ku Lusaka anesi ankatseka katani, iye n'kumadikira panja, ndipo amayi ake ankalola chifukwa nesi ndi mlendo. Pano panafunika munthu amene ali ndi chilolezo. Anawakhazika pamphasa mwendo atatambasula, anauza mpongozi wa azakhali kuti thobwa lotsalalo apereke ndi iye, ndipo anatuluka kulowera kudambo.

A Magalita anawapeza kumunda, atakhala pakati pa milu ya mtedza akuthothola. Anali mayi wamasiye wamfupi, wa mawu okuluwika ngati a mwamuna, amene anakwatiwa kwa Akatolika n'kukhala komweko ndi korona wake m'khosi. Kuyambira tsiku limene ng'ombe za malowolo za kwa a Daka zinapita kwawo kwa a Nankhoma, a Magalita ankawaitana alamu awowo kuti "mkazi wanga", monga amachitira mlongo wa mwamuna, ndipo awiriwo anakalamba akunyozana. Zimene mwana sangaone, zimene mwamuna sangauzidwe masana, mlamu wotere amaloledwa.

Ngakhale kwa azakhali, Tamiwe sanatchule dzina la malowo. Anangoti ku Lusaka sanalowere padzanja, n'kuloza pathupi pake. A Magalita anamuyang'ana, anasansa dothi pachitenje, n'kunena kuti iwo anadabwa kale kuona mkazi wawo akuyenda ngati bakha, koma ankaganiza kuti ndi matama a anthu obwera ku Lusaka.

Analowa m'khitchini osagogoda.

"Mkazi wanga, dzuka tipite kuchipinda. Ndamva kuti ku Lusaka unaonetsa tianyamata zimene ine mwini ng'ombe sindinaonepo."

A Nankhoma anamuyang'ana Tamiwe ndi diso loipa, koma kuseka kunawapulumuka. Anati ng'ombe zake zinali zowonda, imodzi inafera panjira. A Magalita anati zowonda zomwezo zinagula nkhalamba yovuta chonchi, ndipo anawagwira m'khwapa n'kuwadzutsa. Chitseko chinatsekedwa. Tamiwe anakhala panja akutsuka makapu. Anamva mawu a azakhali akupitiriza chipongwe, anamva amayi ake akubweza, kenako sanamvenso kanthu. Pakhonde atate anali atafika pa Mtenguleni.

A Magalita anatuluka nkhope itasintha. Anamukokera Tamiwe pambali n'kumuuza kuti pali chotupa chachikulu ngati mango, cholimba, ndipo ukaikapo dzanja chikugunda chokha ngati muli mtima wachiwiri. Ntchafu yonse yada mpaka kubondo.

"Itana mwamuna wako abwere ndi galimoto. Asayambe wakatula anthu."

Tamiwe anaimba. Lovemore anayamba kufotokoza kuti ali ndi kasitomala wopita ku Mwami, koma atamva mawu a mkazi wake anati akubwera.

Kunatsala atate. Ntchito imeneyo a Magalita anaitenga okha. Anapita pakhonde, anapereka moni wachidule kwa alendo, n'kuitana achimwene awo kuseri kwa nkhokwe. Tamiwe ankawaona ali patali. Azakhali ankalankhula, dzanja likuloza kunyumba, kenako likuloza pansi pamene munthu amagwada, kenako likuloza mpando. A Daka poyamba ankayankha. Kenako anasiya. Anayang'ana kachipsera ka padzanja pawo nthawi yaitali, anatsitsa mkono wa shati, n'kumanga batani.

Anabwerera pakhonde n'kuthokoza alendo mwaulemu, kuwauza kuti odwala akufunika kukaonedwanso m'tauni. Njinga zitachoka pamtengo wa mango, anapita kukaima pakhomo pa chipinda, osalowa.

"A Nankhoma, bwanji simunandiuze?"

"Munali ndi alendo."

Tamiwe anali asanawaonepo atate ake akusowa mawu, ndipo sizinamusangalatse monga momwe ankaganizira.

Galimoto itamveka kumsewu, vuto lina linabuka. A Nankhoma anayamba kukonza duku n'kufunafuna pogwira kuti atsike pabedi. Mkamwini wawo anali kubwera pakhomo, ndipo mkamwini amalandiridwa patali, mpongozi atagwada, nkhope atayang'ana kumbali. Kwa zaka zonse za ukwati wa Tamiwe sanaphonyepo. Tamiwe anawakanikiza paphewa, anatulutsa mutu pawindo, n'kumuuza Lovemore asanazime n'komwe injini:

"Bambo a Pemphero, musatsike. Tsegulani chitseko chakumbuyo, mukhale momwemo, muyang'ane kuphiri. Moni mudzapatsana chaka chamawa."

Lovemore anayang'ana kuphiri monga anauzidwira.

Kuchokera kuchipinda kukafika pagalimoto sipanali patali, koma a Magalita anati mwendowo usapondenso pansi. Amene anabweretsa mpando ndi a Daka. Anaukoka kuchokera pakhonde, mpando wa mlombwa uja, n'kuuika pakhomo pa chipinda. A Nankhoma anakana. Anati umenewo ndi mpando wa atate ake Tamiwe, ndipo chiubweretsereni iwo amangoupukuta. A Magalita anati ndiye lero aupukute ndi matako. Anawakhazikapo, Tamiwe mbali ina, azakhali mbali ina, a Daka atagwira kumsana, ndipo anadutsa nawo pabwalo, nkhuku zikuthawa, wodwala akudandaula kuti anthu a panjira akuona.

Kuchipatala m'tauni anawaunika ndi makina pamalopo. Dokotala wake anali mayi wa msinkhu wa Tamiwe, ndipo anafotokoza kuti kabowo ka pamtsempha sikanatsekeke bwino. Magazi ankatulukira pamenepo n'kupanga thumba pansi pa khungu, ndipo thumbalo linkakula. Likanaphulika ali kumudzi, galimoto ya ku Chipata sikanawapeza ali moyo. Anakanikiza pamalopo ndi mutu wa makinawo nthawi yaitali kuti kabowoko katsekeke. Tamiwe anali kunja kwa katani. Mkati munali a Magalita, ndipo ankamveka akuuza mkazi wawo kuti afinye dzanja lina, ili ndi lothotholera mtedza.

Pambuyo pake anawaika magazi. Dokotala anatuluka akutikita zala n'kufunsa ngati amayiwa ananyamula chinthu cholemera. Tamiwe anati ayi, ankangogwadira alendo. Dokotalayo anapumira m'mwamba, ngati munthu amene akuona amayi ake omubereka, ndipo analowanso mkati n'kunena momveka kuti kugwada kwaletsedwa mpaka iye mwini adzalole, kaya kubwere abusa, kaya kubwere mfumu. Anawonjezera kuti mtima uli bwino, kasipuling'i kakugwira ntchito yake.

A Nankhoma anagona m'chipatala masiku angapo. Tamiwe ankagawa tsiku pakati pa wodi, msika ndi Nabvutika, ndipo ana ake anadya mbatata kuposa mmene ankafunira. A Daka ankabwera tsiku lililonse pa nthawi yoona odwala, atavala jekete. M'wodimo munali anthu ambiri amene anali asanamvepo nkhani ya kawaya, koma mkono wa shati sanaupinde.

Atatuluka, Tamiwe anawaperekeza ku Chiparamba n'kugona komweko, chifukwa ankadziwa kuti Lamulungu masana abusa adzabwera ndi akulu a mpingo. Dokotala analetsa, inde, koma dokotala anali ku Chipata, ndipo mawondo a amayi ake anazolowera kutsika okha asanafunse mutu.

Anawakhazika pakhonde pampando uja, mwendo atausanjika pa kampando kena, chitenje chitaphimba mpaka kumapazi. A Nankhoma anakhala kumphepete kwenikweni, msana osatsamira, ngati munthu wodikira kuitanidwa mu ofesi. Anati mpandowo ndi wouma. Anati ukakhala pamenepo umaona zinthu zambiri zosakonzeka, denga la nkhokwe lapendama ndipo palibe amene ananena. A Daka anakhala pabenchi pambali pawo n'kuvomera kuti lapendamadi.

Abusa anatulukira pamtengo wa mango Tamiwe ali pakati pa bwalo ndi beseni la madzi m'manja. Anaona manja a amayi ake akugwira mikono ya mpando, anaona phazi likutsika pa kampando kaja. Anali patali, ndipo kukuwa pamaso pa abusa sakanatha. Asanaike beseni pansi, atate ake anali ataimirira kale. Anaika dzanja paphewa la akazi awo, pagulu, chinthu chimene Tamiwe anali asanachionepo.

"Abusa, mutikhululukire. Mayi a nyumba ino alandira moni ali pampando. Ndalamula ndine."

A Nankhoma anawayang'ana amuna awo. Phazi lija linakhala m'malere kanthawi, kenako linabwerera pa kampando. Lamulo la dokotala likanatha kuzembedwa, la mwana silinali lamulo n'komwe, koma ili linanenedwa ndi mwini khomo pamaso pa mpingo, ndipo tsopano wosagwada sanali wamwano, anali womvera.

Abusa, munthu wamtali wonenepa, anakwera pakhonde, anakweza buluku pang'ono, n'kunyonyomala pambali pa mpandowo kuti awagwire dzanja. Akulu a mpingo anayang'anana n'kuchita chimodzimodzi, mawondo akulira. Mmodzi wa iwo, pofuna kuseketsa, anati tsopano m'nyumba muno muli zipsera ziwiri zofanana, ndipo a Nankhoma nawonso akaonekera ku Mtenguleni mwezi usanathe.

"Zawo sizili ngati zanga," anatero a Daka. "Ine zanga zinali zazing'ono."

Sanawonjezere. Analowa m'nyumba, ndipo anatuluka atanyamula makapu awiri a thobwa nthawi imodzi, lina likutayikira pansapato. A Nankhoma anamukodola Tamiwe n'kumunong'oneza kuti atate ake atenga makapu a ana, a alendo ali m'kabati pamwamba. Tamiwe anati abusa amwera momwemo, safa.

Mapemphero atatha, dzuwa litapendeka, Tamiwe anatenga chikwama chake. Mawa kunali sukulu, yunifomu inali isanasokedwe, ndipo tomato amene anasiya pamsika ayenera kuti anali atayamba kufewa. A Magalita anali atafika kale ndi dengu la mtedza woti mkazi wawo azisenda ali chikhalire, kuti manja asasowe chochita n'kuyamba kuganiza za mawondo.

"Uzipita, ana akudikira," anatero a Nankhoma. "Ukamuuze mkamwini wanga kuti moni wake ndamusungira."

"Musunge. Koma mudzaperekera pampando pomwepo."

A Nankhoma anatenga mtedza m'dengu n'kuyamba kusenda. Tamiwe atafika pamtengo wa mango anacheuka, ndipo anaona kuti amayi ake asunthira mkati mwa mpando, msana atatsamira, akulozera atate ake mbali ya nkhokwe yofunika mzati.